Ku Kitwe kulibe nyamalikiti, tiyang'ane pansi pomwe tiponda

Lowani mu Chisokone, mudutse a salaula, a kapenta ndi a mafoni, mufike kumene amagulitsa ziboliboli ndi zithunzi. Werengani nyamalikiti zimene muone. Zilipo zosema pamtengo, zilipo zokhomedwa pa mbale za kopa, zilipo zopentedwa pansalu, zitaima pafupi ndi mlambe dzuwa likulowa. Mukatopa kuwerenga mudzifunse: ndani mwa ife anakumanapo ndi nyamalikiti pa njira ya ku Chimwemwe kapena ya ku Wusakile? Kuno kwathu kuli fumbi lofiira, zulu za chiswe zotalika kuposa nyumba, phiri lakuda la zotsalira za mgodi, ndi tinjira tosawerengeka topondedwa ndi anthu opita kukasaka ndalama. Koma zimenezi n'zosowa pa matebulo a zaluso.

Amisiri osema aja sitikuwanena. Amasema zimene zimagulidwa, ndipo ana awo amadyera nyamalikiti zomwezo. Chimene tikulimbana nacho ndi ganizo limene lakhazikika m'masukulu, m'maofesi ndi m'mitu ya achinyamata ambiri, loti luso ndi chinthu chopangidwa ndi penti wa m'sitolo, choikidwa mu fulemu, choti mlendo anyamule m'chikwama popita ku bwalo la ndege ku Ndola. Ganizo limeneli latseka manja a anyamata ndi atsikana ambiri odziwa kujambula. Penti amachokera kunja, mtengo wake umatsata dola, ndipo mwana wa ku Buchi akaona mtengowo amangoti basi, zojambula n'za ana a ku Parklands. Ife tikuti ayi. Penti woyamba wa dziko lino ndi dothi, cholembera choyamba ndi phazi ndi chala, ndipo zonsezi tili nazo kale.

Mu 1967, mnyamata wina wa ku England dzina lake Richard Long, amene panthawiyo anali kuphunzira zaluso ku London, anafika pa dambo lina m'dera la Wiltshire. Anayenda molunjika, kupita ndi kubwerera, kupita ndi kubwerera, mpaka udzu unagona ndi kusanduka mzere wooneka. Anajambula mzerewo ndi kamera n'kuchoka. Ntchitoyo anaitcha A Line Made by Walking, kutanthauza mzere wopangidwa poyenda. Patapita masiku udzu unadzukanso, koma chithunzicho chikuphunzitsidwa m'masukulu a zaluso mpaka lero. Long anapitiriza: amayenda maulendo a masiku ambiri, amayala miyala mozungulira, amatenga matope a mtsinje wa Avon kwawo ku Bristol n'kuwapaka pakhoma ndi manja. Mu 1989 analandira Turner Prize, mphoto yotchuka kwambiri ya zaluso ku Britain. Luso la mtundu umenewu, lopangidwa panja ndi zinthu zopezeka pamalopo, amalitcha land art.

Anzathu ambiri akamva nkhaniyi amaseka. Amati azungu ali ndi nthawi yotaya, munthu angalandire bwanji mphoto chifukwa choponda udzu? Sekani, koma mukatha mutsegule Google Maps pa foni, muike pa zithunzi za m'mwamba, muyang'ane Kitwe. Muona misewu yoongoka imene anajambula okonza tauni kuyambira pamene Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936. Kenaka muona mizere ina yopyapyala, yodula pakati pa mabwalo a mpira, yotsata njanji, yopita pansi pa nthambo za magetsi, yolumikiza makomboni ndi tauni. Imeneyo palibe injiniya anaijambula. Anaijambula amayi onyamula madishi a ndiwo mbandakucha, anyamata okankha mawilibala, ana a sukulu, ndi ogwira ntchito m'migodi amene ndalama ya minibasi inawathera mwezi usanathe. Mzere uliwonse ukunena kuti anthu a kuno amafuna kupita kuti, ndiponso kuti okonza tauni anawaiwala pati. Long anaponda mzere wake tsiku limodzi. Ya kuno yapondedwa zaka zambirimbiri, ndipo palibe amene anaiona kuti ndi yoyenera kuijambula, kuiyeza kapena kuisunga.

Nkhani ya Long ili ndi mbali ina imene imatikhudza pafupi. Mu 1978 anafika ku Malawi, nakwera phiri la Mulanje. Ankafuna kuyala miyala mozungulira monga mwa chizolowezi chake, koma pamwambapo sanapeze miyala yoti atole. Anatola zomera zopsa ndi moto zimene zinali mbwee pamalopo, n'kuziyala mozungulira. Chithunzi chake, chotchedwa Circle in Africa, chili m'manja mwa Tate ku London. Sitikunena kuti anaba kanthu. Anafika wopanda penti, anawerama, anatola chimene nthaka inamupatsa. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma apa kalumo kanali ka eni mudzi, mlendo anangokatola pansi.

Tikutero chifukwa kujambula pansi ndi mwambo wakale kuno kuposa dzina lachingerezi limene laperekedwa kwa iwo. Ku North-Western Province, Aluchazi ndi Achokwe ali ndi tusona kapena sona. Mwamuna wodziwa amasalaza mchenga ndi dzanja, amadinda timadontho ndi nsonga za zala m'mizere yofanana, kenaka amakoka mzere wozungulira timadonthoto, nthawi zambiri osanyamula chala, uku akusimba nthano kapena mwambi. Akatha amafafaniza. Katswiri Gerhard Kubik anaphunzira zojambulazi m'boma la Kabompo ndipo anatulutsa buku lake mu 1987. Akatswiri a masamu akhala akuzifufuza chifukwa cha malamulo obisika m'mizere yake, ndipo mu 2023 UNESCO inalemba sona pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, dziko la Angola litapempha. Ndi angati mwa ife anamvapo za tusona m'kalasi?

Kum'mawa, anamkungwi a Chichewa amaumba vilengo pansi pa nthawi ya chinamwali, n'kuzikongoletsa ndi madontho oyera, akuda ndi ofiira, ndipo mwambo ukatha amaziphwanya. Kwa Abemba, amene ambiri a ife tikukhala nawo khomo ndi khomo, banachimbusa amaumba mbusa ndi dongo, amajambula pakhoma ndi zala, amayala zifanizo pansi n'kuzibaya njere. Audrey Richards anaonerera chisungu mu 1931 ndipo analemba buku lonse pa zimene anaona, lomwe linatuluka mu 1956. Ku Chongoni, m'boma la Dedza ku Malawi, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira ndi zoyera, ndipo UNESCO inawazindikira mu 2006. Kwathu kuno tili ndi Mwela ku Kasama, Nachikufu pafupi ndi Mpika, ndi Thandwe kum'mawa. Ndipo amene anakulira kumudzi akukumbukira agogo akuzira khonde dzinja litatha: dothi lakuda pansi, lofiira pakati, loyera pamwamba, lililonse ndi malo ake okatapa, ena kutali ndithu. Agogo amenewo ankadziwa mitundu ya dothi la m'dera lawo monga mmene ife tidziwira mitengo ya mabandulo a intaneti.

Tsono wina akati zojambula ndi dothi n'zachizungu, timuuze kuti watembenuza mbiri. Chachilendo kuno ndi kachubu ka penti.

Pali zifukwa zitatu zimene anthu amakanira, ndipo n'zoyenera kuziyankha.

Choyamba amati sizidyetsa. N'zoona kuti palibe amene angagule mzere wa pa udzu. Koma Long sagulitsa udzu. Amagulitsa zithunzi, mabuku ndi mapepala odindidwa ndi matope. Chopangidwa panja chimakhalabe panja, chodindidwa papepala chimalowa m'chikwama ngati nyamalikiti yomwe. Kusiyana kwake n'kwakuti pepala lopakidwa dothi la ku Mindolo silingapezeke pa msika wa ku Nairobi kapena ku Johannesburg, pamene nyamalikiti zosema zili ponseponse ndipo wogula amazitsitsa mtengo podziwa kuti tebulo lotsatira lili nazo. Tili nazonso zitsanzo zathu. Agnes Buya Yombwe wa ku Wayi Wayi Art Studio ku Livingstone wamanga dzina lake pa ntchito zochokera ku mbusa, ndipo amagwiritsa ntchito njere ndi zinthu zina zachilengedwe. Henry Tayali, amene anamwalira mu 1987 ndipo nyumba yoonetsera zaluso ya ku Showgrounds ku Lusaka imadziwika ndi dzina lake, ankasema thabwa n'kudinda papepala anthu wamba ali piringupiringu. Sanadikire nyama za ku Luangwa kuti apeze chojambula.

Chachiwiri amati mvula ikagwa zimafafanizika, ndiye phindu lake n'chiyani? Funsani anamkungwi chifukwa chake amaphwanya vilengo. Phunziro likalowa m'mutu, dothi limabwerera kwawo. Nyimbo ya pa maliro nayo imatha ndi mphepo, koma palibe amati n'kutaya nthawi. Komanso lero aliyense ali ndi kamera m'thumba. Chimene agogo sakanatha kusunga, ife tingachisunge ndi chala chimodzi.

Chachitatu n'chovuta kuposa zinazi. Munthu akaonedwa akutapa dothi pa mphambano kapena akujambula mizere pansi m'mawa, anthu amayamba kunong'ona za mankhwala. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo ku komboni angathe kubweretsa ngozi. Yankho lake n'kuchita poyera: masana, pagulu, mutadziwitsa akuluakulu a m'dera, ana akuthandiza nawo. Za mdima zimabisala, pamene luso limaitana anthu kuti abwere adzaone. Ndipo pali malire amene sitiyenera kudumpha. Za ku chinamwali ndi za mbusa zili ndi eni ake. Tiphunzire kwa amayiwo kasakanizidwe ka dongo ndi kapangidwe ka mitundu, koma zimene amati n'zam'nyumba zikhale zam'nyumba. Kuziika pa Facebook pofuna kutchuka n'kuba, ngakhale wakubayo akhale mdzukulu.

Koma chifukwa chachikulu chimene tikulembera si kukumbutsa zakale. N'chakuti pa Kopala pano nthaka ikujambulidwa kale, tsiku ndi tsiku, ndipo ojambulawo satifunsa. Dzenje la Nchanga ku Chingola ndi limodzi mwa maenje a migodi aakulu kwambiri mu Africa. Black Mountain ya ku Wusakile ndi phiri lopangidwa ndi anthu, lounjikidwa ndi zotsalira za ng'anjo ya Nkana kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Mu June 2018 mbali ya phirilo inagumuka ndi kupha anthu osachepera 10 amene ankasaka chakudya cha ana awo pamenepo. Ku Kankoyo ku Mufulira utsi wa senta unaotcha nthaka mpaka mbewu zambiri zinakana kumera. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi analowa mu Mwambashi ndi kutsikira mu Kafue, nsomba zinayandama, minda inapsa, ndipo mipopi ya mu Kitwe inatsekedwa. Amene amaseka munthu woyala miyala mozungulira atiuze: ndani wasintha nkhope ya dziko lino kuposa migodi?

Zizindikiro zimenezi zimawerengedwa m'matani ndi m'madola, m'malipoti amene ambiri a ife sitidzawaona. Palibe amene akuzilemba m'njira yoti amayi a pa kantemba aone ndi maso awo n'kunena kuti inde, ndi momwemo. Apa ndi pamene luso la dothi limaposa penti aliyense. Wojambula ndi penti amakuonetsani chithunzi cha mtsinje. Wodinda ndi matope amakuikirani mtsinjewo papepala, ndi mtundu wake weniweni, pa tsiku lakutilakuti. Pepala lotero likhala umboni. Chaka chamawa mungapite pamalo omwewo, mudindenso, muyerekeze. Stary Mwaba, mwana wa ku Chingola, anasonyeza kale kuti nkhani ya migodi ingasimbidwe ndi zinthu wamba pamene anagwiritsa ntchito masamba a Chinese cabbage onyikidwa m'mitundu. Njira ndi yotseguka, koma oyendamo ndi ochepa.

Kuyamba sikufuna thandizo la bungwe lililonse. Tapani dothi pang'ono, liumitseni padzuwa, lisinjeni mu kamtondo kosakhala ka kukhitchini, lisefeni ndi kansalu kakale. Lithireni m'botolo la madzi, ligwedezeni, mchenga ukhale pansi, mutsanule madzi amtundu a pamwambawo m'mbale ina. Akadikha, chotsalira pansi ndiye penti wanu. Kuti asayoyoke akauma, sakanizani ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa kapena guluu wa akalipentala pang'ono. Mtundu wakuda uli m'fumbi la malasha limene limatsalira pansi pa matumba, ndipo ogulitsa amangolisesa. Woyera ndi mpemba, wotuwa ndi phulusa la pa mbaula, wofiira ndi njerwa yosweka kapena katondo. Pepala ndi thumba la simenti kapena katoni yotayidwa kuseri kwa mashopu. Chodindira ndi chinangwa chodula pakati n'kusemapo chizindikiro, tsamba la papaya, chikhatho, phazi, kapena pansi pa patapata wakutha, amene mizere yake imasimba mtunda umene mwini wake anayenda. Mukaika pepala pa khungwa la mtengo kapena pa chivundikiro chachitsulo cha mumsewu n'kukhutiza ndi lasha, chithunzi chimatuluka chokha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kenaka yendani. Sankhani njira imene mumaidziwa, kaya kuchokera pa Chisokone kupita ku Chamboli, kaya kuchokera ku Mindolo Dam kubwera m'tauni. Mukaponda mapazi 500 alionse, tapani kadothi kodzaza chivundikiro cha botolo, mulembe dzina la malowo monga mmene anthu a pamenepo amawatchulira. Mukafika kunyumba pakani timadothito motsatana pa pepala limodzi lalitali. Amenewo ndi mapu a Kitwe amene ofesi iliyonse ilibe. Gulu la ku Ndola lichite chimodzimodzi kuchokera ku Masala kupita ku Chifubu, kapena kuyambira pa malo a mtengo wa akapolo mu Makoli Avenue. Tikaika mapepalawa pamodzi tidzaona matauni athu ndi maso atsopano.

Safunsa anadya phula, choncho chenjezo likhalepo. Dothi la pafupi ndi madamu a zinyalala za migodi ndi la pa Black Mountain lili ndi zitsulo zoopsa ku thupi. Anthu a ku Kabwe akudziwa zimene mtovu wachita m'magazi a ana awo. Dothi lotero lisagwiridwe ndi manja opanda magolovesi, lisasinjidwe louma, ana asaliyandikire, ndipo pamene pali mpanda kapena chikwangwani choletsa musalowe. Ngati mukufuna kulisonyeza, litsekereni m'botolo. Pa malo otetezedwa monga Mwela kapena Nachikufu sitichotsapo mwala kapena kupakapo kanthu. Ndipo luso lopha mtengo kuti lipeze khungwa ndi chiwonongeko chomwecho chimene tikudandaula nacho. Titole zogwa kale.

Pali amene ayenera kuchitapo kanthu kuposa ife oyenda pansi. Aphunzitsi a zaluso aleke kunena kuti phunziro laima chifukwa zipangizo sizinabwere, pamene bwalo la sukulu lonse ndi zipangizo. Atulutseni ana panja, aitaneni amayi odziwa kuumba ndi kuzira adzaphunzitse, ndipo muwalipire monga mulipira mphunzitsi wina aliyense. Makhansala a Kitwe ndi Ndola asanagawe bwalo lotsala kwa omanga mashopu, apite akaone tinjira todutsa pamenepo, chifukwa ndi chikalata chimene anthu analemba ndi mapazi awo. Copperbelt Museum ku Ndola, imene imasunga miyala ya m'migodi, ipatule khoma limodzi la mapepala odindidwa ndi achinyamata a m'makomboni. Mawailesi a m'madera, amene amapeza maola ambiri a mpira ndi nyimbo, apezenso theka la ola loti munthu afotokoze ulendo umene anayenda ndi zimene anaona pansi. Ndipo amalonda a zaluso a mu Chisokone ayese kupatula kangodya ka tebulo, aikepo mapepala awiri atatu a dothi la konkuno, aone ngati wogula sadzafunsa kuti ichi n'chiyani. Funso limenelo ndi chiyambi cha malonda, komanso cha nkhani imene mlendo akapite nayo kwawo.

Kwa ife achinyamata, nyengo yabwino ndi chilimwe, pamene dothi ndi louma ndipo mitundu yake ikuoneka bwino. Pezani anzanu anayi kapena asanu, mabotolo opanda kanthu, makatoni, ndi foni imodzi yokhala ndi moto. Muuzeni tcheyamani wa m'dera, itanani ana, yalani chimene mufuna kuyala pa bwalo la fumbi: dzina la komboni yanu ndi njerwa zosweka, njira ya Kafue ndi phulusa, mayina a mitengo imene inali pamenepo isanasanduke malasha. Jambulani, dindani, lembani tsiku. Mvula ya mu November idzabwera n'kutsuka zonse, monga inkatsukira makhonde a agogo athu. Iwo ankadikira kuti ikate, n'kutenganso dengu kupita kokatapa dothi.